Skyrim yasiya kutseguka update italowa, ma mod 140 ndi save ya zaka zitatu: ndiyambire pati?

Kadzidzi
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto ndipo mtima suli m'malo. Gemu ya Skyrim Special Edition (SE) ndakhala ndikusewera zaka zitatu ndi ma mod (zowonjezera zopangidwa ndi osewera) pafupifupi 140, onse ali mu pulogalamu yowasunga ya Mod Organizer 2 (MO2), ndipo sinandivutepo. Laputopu yangayi kawirikawiri siikhala pa intaneti chifukwa bandulo ndi yodula, ndiye Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu, ndimangoisiya pa offline. Dzulo ndinapita nayo kwa msuweni wanga komwe kuli wifi kuti ndikadawunilode zinthu za kusukulu. Ndinalowetsa Steam pa online, osakumbuka kuti auto update ndinaisiya yoyatsa. Madzulo ndikudina SKSE (Skyrim Script Extender, kapulogalamu kotsegulira gemu kamene ma mod ena amadalira), kabokosi kakutuluka konena kuti gemu yanga ndi yatsopano kuposa imene SKSE ikuidziwa. Ndikatsegula popanda SKSE ikufika pa menyu, koma ndikangosankha save ikudzitseka yokha.

Munthu wanga wa mu gemu ali level 61. Nyumba ya ku Whiterun yadzaza ndi katundu amene ndatolera kuyambira tsiku loyamba. Kuyambiranso sindikufuna. Amene munakumanapo nazo, ndiyambire pati?

Chiphaliwali
Tsegulani pulogalamu ya LOOT amwene, isanje load order, ndondomeko imene ma mod amalowera mu gemu. Nthawi zambiri amakhala ma mod akulimbana okhaokha.

Nkhwazi
Ayi, LOOT isiyeni kaye. Load order yanu dzana inali bwino, ndipo palibe waisuntha. Mukaisanjanso pano muwonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndiye simudziwa kuti chakuvutani ndi chiti.

Mphwanga, chitani zinthu ziwiri musanakhudze china chilichonse. Choyamba, pitani ku Documents, My Games, Skyrim Special Edition, mukopere foda ya Saves yonse muiike pa flash. Ngati profile yanu ya MO2 imasunga ma save payokha, ali mufoda ya profile imeneyo. Muona kuti save iliyonse ili ndi mafayilo awiri, ya .ess ndi ya .skse, mutenge onse awiri. Chachiwiri, dinani kumanja pa SkyrimSE.exe, Properties, Details, mutiuze nambala imene yalembedwa pa File version. Kenako muone mufoda yomweyo dzina la fayilo ya SKSE, imakhala ndi manambala kumapeto.

Kadzidzi
Ma save ndakopera akulu. Exe yalemba 1.6.1170. Fayilo ya SKSE ndi skse64_1_5_97.dll.

Nkhwazi
Basi, vuto laoneka. Mwadumpha kuchoka pa 1.5.97 kufika pa 1.6.1170 tsiku limodzi. Anzanu mtunda umenewu anauyenda pang'onopang'ono kuyambira November 2021 mpaka January 2024, inu mwauyenda masana amodzi.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa mawu akuti ma mod akulimbana timawagwiritsa ntchito pa matenda osiyanasiyana. Mwa ma mod 140 anuwo, ambiri update sinawakhudze n'komwe. Amene amasintha maonekedwe a mitengo, miyala, zovala ndi zida ndi zithunzi chabe ndi ma mesh, gemu imangowanyamula. Amene ali ndi .esp, mafayilo otchedwa ma plugin, amasintha ma record, monga mtengo wa lupanga kapena komwe munthu amagona usiku, nawonso ambiri akugwirabe ntchito. Amene agwa ndi gulu lachitatu, aja ali ndi fayilo ya .dll mufoda ya SKSE/Plugins.

Ma dll amenewa amalowa mkati mwenimweni mwa exe gemu ikamayenda n'kusintha malangizo pamalo enaake. Kuti apeze malowo amachita ngati munthu wopita kumunda usiku wopanda tochi, amene analoweza kuti kuchokera pa mtengo wa mango ndi mapazi makumi anayi kenako kukhotera kumanja. Njira ikakhala yomweyo amafika bwinobwino. Wina akangosuntha malire pang'ono, iye awerengabe mapazi ake makumi anayi aja n'kugwera m'dzenje. Exe ikamangidwanso, ngakhale asinthe kanthu kakang'ono, zonse za mkati zimasuntha. SKSE imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ikukana kutseguka. Kukana kumeneko ikukutetezani.

Address Library inapangidwa kuti ichepetse vutoli. Ili ngati kaundula: dll siwerenganso mapazi, imangofunsa kuti chinthu nambala yakuti chili pati mu version iyi, kaundula n'kuyankha. Zinayenda bwino mpaka pa 11 November 2021, tsiku limene Skyrim inakwanitsa zaka 10 ndipo Bethesda, kampani yopanga gemuyi, inatulutsa Anniversary Edition (AE). Pamenepo anasintha compiler, pulogalamu yomangira exe, kuchoka pa Visual Studio 2015 kupita pa 2019, ndiye si malo okha amene anasuntha, kamangidwe ka code kanasinthanso. Mmodzi wa opanga SKSE anachenjezeratu anthu tsikulo lisanafike. Kaundula wakale anatha ntchito, anachita kulemba wina. N'chifukwa chake pa Nexus Mods pali Address Library ziwiri, ya SE ndi ya AE. Yanu mukaitsegula mupeza version-1-5-97-0.bin, pamene ikufunika pano ndi versionlib-1-6-1170-0.bin.

Kadzidzi
Koma akulu, ine Anniversary Edition sindinagule. Zatheka bwanji kuti ndikhale pa AE?

Nkhwazi
Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Pali update yaulere imene aliyense wa Special Edition amalandira, ndiye pali zowonjezera zogula za Creation Club. Opanga ma mod akalemba kuti AE amatanthauza exe ya 1.6, kaya munagula zowonjezerazo kaya ayi. Inu muli pa AE m'chinenero chawo. Yaulereyo yakubweretseraninso zinthu zinayi: Fishing, Survival Mode, Rare Curios ndi Saints and Seducers. Muziona mu load order, mayina ake amayamba ndi cc.

Chiphaliwali
Chabwino za LOOT ndavomera, ndinafulumira. Koma ine ndikuti bwererani pa 1.5.97 amwene. Ine ndili pomwepo mpaka lero ndipo sindisuntha. Pali downgrade patcher pa Nexus, ili ndi njira ija amati Best of Both Worlds, imabweza exe yokha n'kukusiyirani zinthu zatsopanozo. Kapena mutsegule console ya Steam mulembe download_depot, app ya Skyrim SE ndi 489830 ndipo exe ili mu depot 489833. Mukabweza exe ma dll anu onse adzuka okha, simusaka chilichonse.

Walira mvula walira matope. Mukatsata 1.6 mudzisaka dll iliyonse payokha, ndipo ena simuwapeza. .NET Script Framework, maziko ena amene ma mod amamangidwapo, sinasamukire ku AE, ma mod ena amene ankaidalira anatsalira kumbuyo.

Nkhwazi
Zimene akunena achimwenewa n'zoona, njira imeneyo ilipo ndipo ambiri akuyenda nayo. Koma ili ndi minga yake, tiwauzenso. Pa 5 December 2023 kunabwera 1.6.1130, ija inabweretsa Creations. Inakulitsa malo a ma record mu mafayilo a ESL (ma plugin ang'onoang'ono) kuchoka pa 2048 kufika pa 4096, ndipo header ya ma plugin inakhala 1.71. Plugin yopangidwa motero mukaiika pa exe yakale, gemu ikhoza kugwa. Ndiye wobwerera pa 1.5.97 afunika kuikanso Backported Extended ESL Support. Komanso Steam sinasinthe exe yokha, yasinthanso Skyrim.esm ndi Update.esm, ma master amene ma plugin ena amadalira, komanso ma BSA osunga zithunzi ndi mawu a gemu. Mukabweza exe yokha, ma master anu ndi atsopano pamene Unofficial Patch yanu, mod yokonza zolakwika za gemu, ndi yakale. Mukafuna kubweza zonse ndi ma GB ambiri, ndipo mnzathuyu wanena kale za bandulo.

Tisanakangane, tiwerenge kaye. Kadzidzi, tsegulani foda ya mods ya MO2, mulembe *.dll pa bokosi losakira, mutiuze alipo angati.

Kadzidzi
Atuluka 19.

Nkhwazi
Mwaona. Pa 140, odwala ndi 19. Ndipo ma dll ambiri ndi tinthu ting'onoting'ono, ena sakwana ngakhale 1 MB. Pa bandulo, kupita kutsogolo n'kotsika mtengo kwa inu kuposa kubweza gemu yonse. Ine ndikanapita kutsogolo.

Chiphaliwali
Za bandulo zisakuvuteni, ine ndili ndi foda yonse ya 1.5.97 pa hard drive. Ndiike pa link aliyense atenge.

Woyang'anira gulu
A Chiphaliwali, mtima wothandiza tauona ndipo tikuthokoza, koma mafayilo a gemu sitigawana pagulu pano. Ndi lamulo lathu kuyambira kale. Komanso tisazoloweze achinyamata athu kutsegula exe yochokera pa link ya munthu, mawa wina adzaika yoipa. Patcher ndi depot ya Steam ndi njira zoti mwini gemu angagwiritse ntchito yekha, zimenezo kambiranani momasuka.

Chiphaliwali
Ndamva bwana, ndasiya.

Wamathiraki
Ine Skyrim sindisewera, ndine wa Euro Truck Simulator 2 kuno ku Chipata, koma nkhaniyi ndaimva m'mafupa. Kwathu update ikatuluka, ma map mod ngati ProMods amafuna version yawoyawo, ukalakwitsa gemu imagwa usanalize n'komwe injini. Chimene chimatipulumutsa n'choti SCS Software amasiya ma version akale pa Steam, pa Properties pali posankha ma beta, umangosankha yakale n'kumayendetsabe mpaka opanga map atamaliza ntchito. Ku Skyrim kulibe zimenezo?

Nkhwazi
Kukanakhala posankha potero anthu sakanavutika ndi ma patcher. Magemu amasiyana pa nkhaniyi. Minecraft launcher yake imakulola kusankha version, n'chifukwa chake modpack iliyonse imangokhazikika pa version imodzi. Stardew Valley 1.6 itatuluka pa 19 March 2024, amene amasamalira SMAPI, pulogalamu yolowetsa ma mod mu gemuyo, anali atagwira nawo ntchito pa update yomweyo, ndiye SMAPI 4.0 inali yokonzeka, ndipo imakuuza yokha mod imene yatha ntchito. Ku Fallout 4 zinavuta ngati kunoku. Update ya 25 April 2024 inasokoneza F4SE, imene ili ngati SKSE ya gemuyo, ndipo mod yaikulu ya Fallout: London, imene inayenera kutuluka pa 23 April, anaichedwetsa mpaka 25 July. Anaitulutsa kudzera pa GOG, sitolo ina ya magemu, ndipo a Steam anafunika kubweza gemu pa version yakale kuti aisewere. Anthu anagwira ntchito zaka pa mod imeneyo.

Chiphaliwali
Ndiye opanga ma mod enawa bwanji osangokonza msanga? Ena mod yawo ili ndi anthu masauzande koma zaka zikutha osaikhudza.

Kalulu
Apa ndiye ndilowererepo achimwene, chifukwa zandikhudza. Ine ndimapanga ma patch ang'onoang'ono, a esp chabe, osati ma dll. Ndimawapanga usiku ndikaweruka kuntchito kuno ku Leeds, ana atagona. Palibe amandilipira. Update ikangotuluka, m'mawa mwake umapeza mauthenga pansi pa mod yako, ena aulemu, ena otukwana, ena ongolemba kuti update liti tsiku ndi tsiku. Ine wa esp ntchito yanga ndi ya maola ochepa. Wa dll ayenera kudikira SKSE ituluke, adikire Address Library, kenako atsegule exe yatsopano asake chinthu chilichonse chimene anakhudza ngati chikadali momwe chinalili, popanda source code ya gemu. Ena anapanga mod ali pasukulu, pano ali pabanja, ena akudwala, ena anangotopa. Satikongola kanthu.

Chimene ndimayamikira ndi amene amasiya code yawo poyera ndi chilolezo choti ena apitirize. Ma mod ambiri amene Kadzidzi awapeze lero ali moyo chifukwa cha zimenezo, wina anatola pamene mnzake anasiyira. Ndiye mukamasaka, mod ikaoneka yakufa musataye mtima, sakani dzina lomwelo muwonjezere AE kapena NG kumapeto. A NG ambiri ndi dll imodzi yogwira pa 1.5 ndi 1.6 pomwe.

Chiphaliwali
Pepani achimwene, ndinalankhula mosaganiza. Sindinaonepo mbali imeneyo.

Kadzidzi
Ndasankha kupita kutsogolo. Ndondomeko yake ikhale yotani kuti ndisasokoneze?

Nkhwazi
Yambani ndi SKSE, mutenge ku skse.silverlock.org, ya 1.6.1170 ndi 2.2.6. Samalani musatenge ya GOG, imeneyo ndi ya exe ya nambala ina. Loader ndi dll zimapita mufoda ya exe. Koma musaiwale foda ya Scripts imene ili mu zip momwemo, ambiri amasintha dll yokha n'kusiya ma script akale, kenako n'kumadabwa. Kenako Address Library ya AE. Kenako SSE Engine Fixes, muwerenge tsamba lake bwino chifukwa pali mafayilo ena amene salowa mu MO2, amapita mufoda ya exe, ndipo akale aja akadali momwemo. Ikaninso Crash Logger yogwirizana ndi 1.6, chifukwa ngati ma crash log anu ankachokera ku .NET Script Framework, pano mulibe chokuuzani chimene chagwetsa gemu.

Ma dll otsalawo azimitseni onse mu MO2, muziyatsa imodzi imodzi mukaipezera yatsopano. RaceMenu muiyang'anitsitse, skee64.dll yake imafuna version yeniyeni ya gemu. Mukatsegula gemu, onani fayilo ya skse64.log mufoda ya SKSE ku My Games, imalemba dll iliyonse ngati yalowa kapena yakanidwa.

Ndipo poyesa zonsezi save yanu musaikhudze. Pa menyu dinani batani la console mulembe coc riverwood. Gemu ikuponyani ku Riverwood ndi munthu watsopano, muyendeyende muone ngati ikugwa.

Nyenyezi
Ine ndine wa The Sims 4, ndipo kwathu zimenezi n'za mwezi ndi mwezi. Patch ikalowa gemu imazimitsa yokha ma mod, umachita kukayatsanso mu settings. Chimene ndinaphunzira ndi njira ya 50/50. Umachotsa theka la ma mod n'kuyesa. Vuto likapitirira ndiye lili mu theka latsalalo, uligawenso pawiri. Ngakhale ma mod akhale 140, ukagawa kasanu ndi katatu wolakwa wapezeka. Ife timafufutanso localthumbcache.package nthawi iliyonse tisanayese. Kaya ku Skyrim ingathandize?

Nkhwazi
Imathandiza achemwali, ndipo ndi njira yabwino kwambiri log ikakhala kuti sikunena zomveka. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ma plugin amadalirana. Patch imafuna ma master ake, ukazimitsa master n'kusiya patch gemu imagwa isanafike pa menyu, ndiye umaganiza kuti wapeza wolakwa pamene wapanga vuto latsopano. MO2 imaika kachizindikiro kochenjeza pa plugin yosowa master, muziyang'ana pamenepo. Chinanso, 50/50 ichitikire pa gemu yatsopano basi. Save ya Skyrim imasunga ma script a Papyrus mkati mwake. Ukaitsegula mod ina itazimitsidwa n'kusevanso, mabala ake amakhala momwemo.

Kadzidzi
Ndabweranso. Usiku wonse ndinali pa zimenezi, magetsi anazima pakati koma batire inandifikitsa. Pa 19 paja, 16 ndawapezera atsopano, onse pamodzi sanadye ngakhale theka la bandulo imene ndimaopa. Unofficial Patch ndiyo inali yaikuluko, ndaikanso yatsopano. Atatu otsalawo ndi .NET Script Framework yomweyo ndi ma mod awiri amene amaidalira. Imodzi ndi dll yokha. Inayo ili ndi esp ndi ma script, ndi yokhudza matsenga. Ku Riverwood ndayenda mphindi 20, ndalowa m'sitolo, ndamenyana ndi mimbulu kutsidya kwa mtsinje, sinagwe. Tsopano nditsegule save?

Nkhwazi
Ntchito mwaigwira. Ya dll yokhayo ichotseni, siisiya kanthu mu save. Ya esp ija ndiye yofuna kudekha. Mukatsegula save gemu ikuchenjezani kuti pali zinthu zimene save imadalira zomwe palibenso. Vomerani, mulowe m'nyumba yaing'ono yopanda anthu ambiri, mudikire mphindi zingapo, museve pa slot yatsopano, osati pamwamba pa yakale. Save yatsopanoyo muitsegule mu ReSaver ya FallrimTools, pulogalamu yotsukira ma save, ikuonetsani ma unattached instances ndi ma undefined elements, amenewo ndi ma script amasiye. Achotseni, museve ndi dzina lina.

Ndinene mosabisa: ReSaver imasesa zimene ikuziona, koma zimene mod inasintha kale m'dziko la gemu siingazibweze. Save ikhoza kuyenda bwino mpaka kalekale, ikhozanso kuyamba kuvuta patsogolo. N'chifukwa chake ya pa flash ija musaifufute.

Kadzidzi
Yatseguka! Abale yatseguka. Ndili mu Breezehome, nyumba yanga ija ya ku Whiterun. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, gemu inandifunsa za Survival Mode, ndinavomera, ndiye pano mauthenga a njala akubwera pawiri chifukwa ndili kale ndi mod ya njala ndi kuzizira. Chachiwiri ndi Lydia, mlonda wanga wa mu gemu. Wakhala pampando m'chipinda chapamwamba monga mwa masiku onse, koma nkhope yake yasiyana mtundu ndi khosi, pali mzere woonekeratu pansi pa chibwano ngati wavala chigoba. Tsitsinso si lija ndinazolowera. Ku msika ndapezanso anthu atatu ali chimodzimodzi.

Nkhwazi
Survival Mode izimitseni mu Settings pa Gameplay, musankhe imodzi mwa ziwirizo. Za nkhopezo, uku ndiye kulimbana kwa ma mod kwenikweni kumene a Chiphaliwali ankanena poyamba paja. Kalulu, iyi ndi ntchito yanu.

Kalulu
Ndiyankheni ichi kaye: usiku uja, pali mod ina ya esp imene munaichotsa n'kuikanso yatsopano, yokhudza anthu a m'matauni?

Kadzidzi
Eya, ija imasintha zochita za anthu, kuti azipita kumsika, azithawa chinjoka chikabwera. Ndinaona kuti pali version yatsopano ndiye ndinangoitenga.

Kalulu
Ndi imeneyo. MO2 ikalandira plugin ngati yatsopano imaiika pansi penipeni pa load order. Lamulo la Skyrim ndi lakuti ma plugin awiri akakhudza record imodzi, womalizira kulowa ndiye amapambana, ndipo amatenga record yonse, osati kagawo kamene anasintha kokha. Lydia ali ndi record imodzi. Mod yanu ya nkhope inalembamo tsitsi, maso ndi mtundu wa khungu. Mod ya zochita inalembamo komwe azipita, koma nkhope inasiya ya gemu yoyambirira. Kale ya nkhope inali pansi ndiye inkapambana. Pano ya zochita yapita pansi. Koma mutu weniweniwo suli mu esp, ndi mafayilo a FaceGen, mesh ndi texture, ndipo amenewo akuchokerabe ku mod ya nkhope. Record ikunena zina, fayilo ikunena zina, gemu yasokonezeka. Mzere mwauona pachibwanowo ndi umenewo.

Mudzionere nokha. Tsegulani SSEEdit, pulogalamu yoonera ndi kusintha ma record, kudzera mu MO2, ma plugin onse alowe, pa bokosi la FormID mulembe 000A2C8E, ameneyo ndi Lydia. Kumanja kutuluka mizati, uliwonse ndi plugin imene yamukhudza, wakumapeto kumanja ndiye wopambana. Pofiira ndi pamene akutsutsana.

Njira yachidule ndi kukokera esp ya nkhope pansi pa ya zochita. Nkhope zibwerera, koma anthu amenewo ataya zochita zatsopano, ndipo n'kutheka kuti zaka zonsezi zinali choncho inu osadziwa. Njira yabwino ndi patch. Yambani mwaona pa tsamba la mod ya nkhope ngati wina anapanga kale. Ngati palibe, dinani kumanja pa record ya mod ya nkhope, Copy as override into, fayilo yatsopano, kenako mukokere ma Packages ndi ma Factions a mod ya zochita kulowetsa mu mzati wanuwo. Patch ikhale pansi pa onse awiri. Muipatse flag ya ESL kuti isadye malo pa malire aja a ma plugin 254.

Kadzidzi
Ndaona ndi maso anga, mizati inayi, ndipo pa Head Parts pofiira. Zaka zitatu ndikusewera sindinatsegulepo SSEEdit. Patch yopangidwa kale ndaipeza, koma inasiya anthu awiri, amenewo ndapanga ndekha monga mwanenera. Koyamba ndinakokera mzati wolakwika, ndinatseka osaseva n'kuyambiranso. Kachiwiri zatheka.

Chiphaliwali
Ndiye pano LOOT angatsegule?

Nkhwazi
Angatsegule, makamaka kuti awerenge machenjezo ake, imanena za ma patch osowa ndi ma plugin ofuna kutsukidwa. Koma asanavomere kusanja kwake asunge load order ya pano, MO2 ili ndi batani la backup pamwamba pa mndandanda wa ma plugin. LOOT sidziwa patch imene munthu wapanga yekha, ndiye aonetsetse kuti yakhalabe pansi.

Tsopano mphwanga tsekani chitseko chimene chinatseguka kwa msuweni wanu. Pa Steam, Properties, Updates, musankhe kuti izipanga update pokhapokha mukaitsegula, ndipo inu muzitsegula kudzera mu MO2 ndi SKSE basi, osadina Play ya Steam. Mufoda ya steamapps muli fayilo ya appmanifest_489830.acf, muiike pa Read-only. Ngati disk ili ndi malo, koperani foda yonse ya gemu muiike mkati mwa foda ya MO2 n'kuuza MO2 kuti gemu ili kumeneko. Ma modlist ambiri a Wabbajack amachita zomwezo. Steam ikasintha yake, yanu siikhudzidwa.

Wamathiraki
Nzeru ya kukopera foda yonseyo ndaitola, ndikayesa kwathu ndi profile yanga ya mathiraki.

Nyenyezi
A Kalulu, ma patch anuwo ngati alipo ofuna woyesa, mchimwene wanga amasewera Skyrim pa 1.6.1170 yomweyo ndipo ali ndi nthawi tchuthi chino. Ndimuuze?

Kalulu
Muuzeni achemwali, ndingathokoze kwambiri. Pali awiri amene sindinawayese pa save yakale, ndilibe save yaitali choncho.

Kadzidzi
Inenso ndiyesa nawo akulu, save yaitali ndili nayo. Manifest ndaika pa Read-only, foda ndakopera, yadya malo koma yakwana. Ndasewera maola awiri madzulo ano, kuchoka ku Whiterun wapansi mpaka ku Riften, sinagwe. Matsenga a mod ija ndi okhawo apita, pa menyu ya Magic pachepa zinthu zisanu ndi chimodzi. Ndisananyamuke ndinakwera m'chipinda chapamwamba n'kutsegula bokosi lija lili pafupi ndi bedi. Mafupa a chinjoka choyamba chimene ndinapha ku Western Watchtower ali momwemo, sindinawagulitsepo. Lydia nkhope yake yabwerera, ndamutenga tapitira limodzi.